Want, Wish ndi Ng'ombe Yanga ya ku Vubwi

Anandilanda zaka zisanu ndi ng'ombe imodzi. Za zakazo ndinasiya, palibe amene angandibwezere. Ng'ombe ilipo. Imagona m'khola la munthu wina ku Vubwi, ndipo ndikumva kuti yanenepa.

Ndiyambire kusukulu, chifukwa ndi kumene ananditenga.

Ndinali mu giredi seveni pasukulu ya kwathu, pakati pa Katete ndi Sinda, mkati ndithu kuchoka pamsewu waukulu. Chingerezi ankatiphunzitsa mayi wina wamfupi wa mawu aakulu. Sankamenya. Ankangokuyang'ana mpaka iwe wekha uyambe kufuna pobisala. Tsiku lina analemba mawu awiri pabolodi, want ndi wish, natiuza kuti aliyense apange chiganizo. Mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi anaimirira monyada nati, "I wish a bicycle." Tonse tinaona ngati wakhoza. Aphunzitsi anapukusa mutu. Anati njinga zili m'masitolo pa Katete, zili ndi mtengo wake, munthu angathe kulima nsawa n'kukagula, choncho njinga ndi ya want. Want ndi ya chinthu chimene ungachinyamukire. Wish ndi ya chinthu chimene umangochiganizira uli chikhalire, chifukwa kulibe njira yopita kumene chili. Kenaka anaima chonyang'ama, natambasula dzanja kuti afike pamwamba pa bolodi, osafikapo, nati, "I wish I were tall." Tinaseka mpaka ahedi anasuzumira pazenera. Phokoso litatha anatiuza kuti tione mmene wish imakokera mawu otsatira kumbuyo, I wish I had, ngati kuti chinthucho chinapita kale usanachigwire n'komwe.

Ine ndinalemba kuti I want to go to secondary school. Anachonga ndi cholembera chofiira. Panalibe cholakwika. Njira yopita kumeneko inalipo, ndipo m'kalasimo ndinali mmodzi wa oidziwa bwino.

Bambo anga anali atachoka kale. Anali mkamwini pamudzi pa amayi, ndipo atatopa nawo ukamwiniwo anabwerera kwawo n'kukakwatira kwina. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, choncho mawu otsiriza pa ine anali a atsibweni, alongo awo a amayi. Iwo ndi amene anabwera madzulo ena, mayeso atatsala miyezi yochepa, nakhala pampando pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kufotokoza za ng'ombe. Anati banja lathu lilibe ng'ombe, n'chifukwa chake chaka chilichonse timalima pomalizira, eni ng'ombe atamaliza minda yawo, mvula yabwino itapita. Anati apeza munthu ku Vubwi, wachibale wa akazi awo, amene akufuna mnyamata wa chibeta.

Amene sadziwa chibeta ndimuuze. Mnyamata amapita kukaweta ng'ombe za munthu wopeza bwino zaka zinayi. Amadya komweko, amagona komweko, salandira ndalama. Zakazo zikatha amabwerera kwawo akutsogoza ng'ombe yaikazi imodzi. Palibe pepala. Akuluakulu awiri amagwirana chanza, nkhani yatha. Makola ambiri a kwathu anayamba choncho, ndipo amuna ambiri a kwathu sadziwa kulemba dzina lawo pa chifukwa chomwecho.

Atsibweni anati sukulu sithawa. Ng'ombe ikadzabwera idzabereka, tidzagulitsa thole limodzi, ndipo ine ndidzabwerera kukalemba mayeso, ndili ndi nsapato ndi yunifomu yogula ndi thukuta langa. Amayi ankatongola chimanga m'lichero osadzutsa mutu. Chimene ananena n'chakuti bulangeti langa n'long'ambika, alisoka ndisanapite. Ine sanandifunse. Ngakhale akanandifunsa, kwathu mwana sanena kuti ndikufuna pamaso pa atsibweni ake. Amayang'ana pansi n'kumakanda nthaka ndi chala cha kuphazi. Ndinakanda nthaka.

Mwini khola anali munthu wamkulu thupi, wa minda ya thonje ndi chigayo, amene ankagulitsanso zinthu kutsidya kwa malire. Anandiuza kuti ndiziwaitana bambo, popeza ndikhala ngati mwana wa pakhomo. Ana a pakhomowo m'mawa ankavala yunifomu n'kupita kusukulu. Ine ndinkatsekula khola.

Sindinama, sankandimenya. Chakudya ndinkadya chomwe ankadya onse. Akazi awo anandipatsa malaya awiri a mwana wawo woyamba, ndipo nditadwala malungo anandiperekeza okha kuchipatala. Anthu amafuna kuti ndinene kuti ndinkagona ndi njala kuti nkhani ikome. Sindinkagona ndi njala. Ndinkangodzuka, kutsekula khola, kutsata michira ya ng'ombe mpaka kudambo, kukhala padzuwa kapena pamvula nditafunda thumba la feteleza, n'kubwerera dzuwa litapendeka. Mawa chimodzimodzi. Lamulungu chimodzimodzi, chifukwa ng'ombe sizipita kutchalitchi.

Chaka choyamba ndinkaopa kuti Chingerezi chindithawa, choncho ndinkachilankhula kwa ng'ombe. Ndinkaziuza kuti I want you to come here, I want you to stop. Anyamata anzanga a kudambo, amene ambiri sanapondeko m'kalasi, anandipatsa dzina loti ahedi. Ng'ombe ikangolunjika kumunda wa eni ankakuwa kuti, "Ahedi, ana anu akuthawa sukulu uko!" Wina ankandifunsa ngati nkhunzi yakuda ija yakhoza mayeso kapena ibwereza. Ndinkaseka nawo. Pofika chaka chachiwiri ndinali nditasiya. Ndinkaimba mluzu ndi kutukwana ngati wina aliyense.

Dzinja la chaka chachiwiricho kunabwera chigodola, matenda a nkhupakupa aja. M'khola mwathu munafa ng'ombe zingapo, ndipo imodzi inasiya kathole kakakazi kongobadwa kumene, kofiira, koyera pachipumi. Kankalephera ngakhale kuima bwino. Mwini khola anakayang'ana, nakagunda ndi phazi pang'ono, nati sikafika Loweruka. Kenaka anatembenukira kwa ine, akazi awo ali pomwepo pamodzi ndi amuna awiri amene anabwera kudzathandiza kusenda ng'ombe yakufayo.

"Ukakakuza ndi kako komweko," anatero. "Chibeta chako ndi chimenechi."

Amuna aja anaseka, chifukwa anaona kuti ndapatsidwa mtembo. Ine ndinakanyamula n'kukakaika m'khitchini. Ndinapeza botolo, ndinadula chubu chakale cha njinga n'kupanga kansonga, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakama ng'ombe ina n'kukamwetsa. Nkhupakupa ndinkazichotsa ndi zala, imodziimodzi, m'makutu ndi kunsi kwa mchira. Kakatsekula m'mimba ndinkakasula ndi madzi ofunda. Sikanafe Loweruka. Sikanafe konse. Kanakula n'kukhala msoti wa msana wowongoka, ndipo kankanditsata ngati galu. Ndinkabisa mchere pang'ono m'thumba la kabudula, iko n'kumadzanyambita m'dzanja langa.

Ng'ombe zonse za khola limenelo zinali zodulidwa khutu lakumanzere, chizindikiro cha mwini wake. Tsiku lodula matole, wanga anamudumpha. Mwini khola anati kwanu akadula okha mmene amadulira. Ndinkati ndikayang'ana makutu awiri athunthu aja pakati pa makutu odulidwa, ndinkaona sekondale. Musaseke. Ndinkaiona ndithu, ndi mabedi ake osanjikizana amene ndinkangowamva.

Zaka zinayi zitakwana, msoti wanga anali ndi bere. Ndinakondwa ngati chitsiru, osadziwa kuti berelo ndi limene lindiphe. Nditakumbutsa mwini khola kuti nthawi yakwana, anayenda nane kukhola, nayang'ana mimba ya ng'ombeyo nthawi yaitali.

"Tinapangana ng'ombe imodzi," anatero. "Izi ndi ziwiri."

Anati ndidikire ibereke, thole likhale lawo popeza nkhunzi ndi yawo, ine nditenge make. Ndinaona kuti mwina akunena zoona. Ndinadikira chilimwe chonse, ndikuweta monga kale. Inabereka thole lalimuna. Nditapitanso anati thole silingasiyane ndi make likuyamwa, lingafe, ndidikire lileke. Ndinadikira dzinja lonse. Litaleka kuyamwa anati ino ndi nthawi yokolola thonje, mutu wawo uli pa zambiri, tidzakambirana. Chaka chachisanu chinatha choncho, chaka chimene palibe amene anagwirana chanza.

Mwini khola ndinawapeza pachigayo m'mawa wina, injini isanalizidwe, azimayi atakhala pamzere ndi matumba awo a chimanga. Ndikudziwa mmene ndinayenera kuchitira. Ndinayenera kudikira atsale okha, kunjuta chapatali, kuwomba m'manja pang'ono, n'kunena kuti bambo, ndimati mwina ndimve nawo za kankhani kaja. Ndinali nditachita zimenezo kambirimbiri. Tsiku limenelo ndinaima chilili.

"Bambo, ndikufuna ng'ombe yanga."

Azimayi aja anasiya kucheza. Mwini khola anapukuta manja pansanza ya mafuta, osafulumira.

"Ukufuna? Wayamba liti kufuna pakhomo panga?"

Ndinati zaka zakwana ndipo zapitirira.

"Ine sindinapangane ndi mwana. Ndinapangana ndi atsibweni ako. Pita ukawaitane."

Anandipatsa ya thiransipoti, ndipo tsiku lomwelo ndinanyamuka ndi malaya anga m'jumbo. Ng'ombe zinali zitapita kale kudambo ndi mwana wawo, amene anajomba kusukulu tsiku limenelo. Sindinaitsanzike n'komwe yanga.

Kwathu ndinapeza zinthu zitasintha. Ndili kutchire, mafumu anali atalamula kuti mwana wa msinkhu wa sukulu asamawetenso ng'ombe. Wopereka mwana ku chibeta alipe, wolandira mwanayo alipenso. Ndi lamulo labwino. Likanabwera msanga bwenzi nditalemba mayeso. Koma linandipeza nditamaliza kale kuweta, ndipo mwini khola analiona msanga kuposa ife kuti lili ndi ntchito ina. Atsibweni atawaimbira foni, mwini kholayo anayankha mofatsa kuti ngati pali dandaulo tipite kubwalo la mfumu, alibe nalo vuto. Anangowakumbutsa kuti funso loyamba kumeneko lidzakhala lakuti ndani anatulutsa mwana mu giredi seveni.

Mwini khola akanalipa mbuzi osazindikira n'komwe kuti m'khola mwachepa. Atsibweni alibe mbuzi. Alibe ngakhale nkhuku zokwana kuwerenga. Ndipo kuposa mbuziyo ankaopa kuimitsidwa pakati pa anthu n'kutchedwa munthu wogulitsa mwana wa mlongo wake. Anandiuza kuti tidikire zizizire kaye. Amuna awiri amene anamva lonjezo lija ndi oyandikana ndi mwini khola, amagayitsa kwa iye, amabwereka ngolo yake. Palibe amene akanayenda ulendo wonsewo kudzanenera mboni mnyamata wa ku Sinda.

Ndinawauza atsibweni kuti ndipita ndekha kubwalo. Amayi anandigwira mkono n'kuyamba kulira, kuti ndikufuna kuchititsa manyazi mtundu wonse, kuti iwonso adzafunsidwa chifukwa anavomera. Anavomera liti? Ankatongola chimanga. Atsibweni anayang'ana kumbali nati, "Mphwanga, ndikanakonda zikanayenda mwina." Chingerezi cha mawu amenewo ndinachidziwa pomwepo, ngakhale ndinali nditaiwala zambiri. Anali atakhala pampando womwe uja pansi pa mango, ndipo sanadzukepo.

Nditagwira maganyu okolola soya ndinapeza ya basi n'kubwerera ku Vubwi ndekha. Ndinafika masana, ng'ombe zili kudambo, ndipo ndinalunjika komweko ndisanapite kunyumba. Yanga ija inandiona ndisanaione. Inasiya kudya, inabwera ikuthamanga pang'ono monga inkachitira, n'kuyamba kufwenkha thumba la buluku langa. Ndinali nditatenga mchere. Ikunyambita ndi pamene ndinaona khutu lakumanzere. Linali lodulidwa, bala litapola kale.

Kunyumba akazi a mwini khola anandipatsa thobwa m'kapu yaikulu ya alendo, nandifunsa za amayi, koma sanandiyang'ane kumaso. Mwini khola anandilonjera bwino. Anati nkhani ya ng'ombe ndi ya akuluakulu, ndibwere ndi atsibweni. Za khutu anati anyamata anadula molakwitsa.

Pobwerera ndinadzeranso kudambo. Ndikanangoimba mluzu ikananditsata mpaka ku Sinda, popanda chingwe. Ndinaima pamenepo ndikuganiza zimenezo. Koma ng'ombe siyenda pamsewu popanda kalata ya a zoweta ndi ya apolisi, ndipo kalatayo amapatsa mwini, ndipo mwini amadziwika ndi khutu. Wogwidwa ndi ng'ombe ya khutu la eni ndi wakuba, ndipo wakuba ng'ombe amatuluka m'ndende ali ndi imvi. Ndinaitayira mchere wotsalawo pansi kuti itanganidwe, n'kuchoka. Inalira kawiri. Sindinacheuke, ndipo sindinapitekonso.

Tsopano ndili pa Katete. Ndimanyamula anthu ndi katundu panjinga, kuchoka pamsika kupita kulikonse kumene munthu wanena. Njingayo ndi ya munthu wina, ndimampatsa zake madzulo alionse, kaya ndapeza kaya sindinapeze. Mnzanga uja wa I wish a bicycle ali ku koleji ku Chipata, akuphunzira zauphunzitsi. Njinga ili ndi ine, ndipo si yanga.

Mwezi wathawu ndinanyamula aphunzitsi aja. Anatsika minibasi ndi thumba la kabichi ndi mafuta ophikira, akadali aafupi, tsitsi litayamba kuyera. Ndinafuna kutembenuka kuti atengedwe ndi wina, koma anali atandiona. Anandiitana ndi dzina langa lonse, monga ankaitanira m'kaundula. Tili m'njira anandifunsa kumene ndinasowera, chifukwa anafunsa kwathu nthawi ija n'kuuzidwa kuti ndapita kukacheza kwa achibale. Ndinawauza mwachidule. Tinadutsa pamalo ogulitsira mafuta a galimoto. Kenaka anati tsopano sukulu ndi yaulere, anthu aakulu kuposa ine akubwerera, ndipo mutu wanga anaudziwa, sungakhale utauma.

"Ukangofuna, mwananga, zitheka," anatero.

Anali kunena ndi mtima wabwino, ndipo potsika anandipatsa yoposa mtengo. Koma ndinapalasa njinga pobwerera mano ali gwa. Ukangofuna. Kodi ndinkachita chiyani zaka zonsezi? Ndinafuna ndi botolo ndi chubu cha njinga. Ndinafuna pamvula nditafunda thumba. Ndinafuna mokweza pachigayo, anthu akumva, ndipo ndi tsiku limene ndinathamangitsidwa. Sukulu ndi yaulere, inde. Nanga mwini njinga madzulo adzalandira chiyani? Feteleza wa amayi adzagula ndani, poti atsibweni tsopano miyendo inatupa? Ndikakhale pa desiki ndi ndevu zangazi pakati pa tiana toyamba sukulu ine ndili kale kudambo, tizinditcha agogo, ndipo ndikamaliza giredi seveni nditsale ndi zaka zina zisanu?

Phunziro lawo lija linali loona, koma linali ndi mbali ziwiri zokha. Chinthu chimene chili ndi njira, ndi chinthu chimene chilibe njira. Sanatiuze za chinthu chimene njira yake ukuidziwa, waiyenda ndi mapazi ako, wafika, wachigwira pachipumi, chakunyambita m'dzanja, n'kubwerako wopanda kanthu. Sindikudziwa ngati Angerezi ali ndi mawu a chimenecho. Mwina kwawo sizichitika.

Sekondale ndinaisamutsa ndekha, kuichotsa ku want n'kuiika ku wish. Sindikumbuka tsiku lake. Ndinangozindikira kuti ndikamadutsa ana a yunifomu pamsewu, mawu amene amabwera m'mutu ndi aja obwerera kumbuyo, I wish I had. Sindilimbana nawonso. Ng'ombe yokha ndi imene ndakana kuisamutsa. Amayi amati ndiiwale, mtima ungandidwalitse. Atsibweni tikakumana amalankhula za mvula. Anzanga a njinga amanditcha mwini ng'ombe, ndipo kasitomala akachepa amandifunsa ngati sindingawagawireko mkaka. Ndikudziwa kuti sidzabwera. Sindine wopusa. Koma ndikanena kuti wish, ndiye kuti ndavomera kuti khutu lija analidula bwino.

Pali munthu wina amene amagula ng'ombe kumidzi ya ku Vubwi n'kumagulitsa kwa ophera nyama kuno. Khola lija amalidziwa. Ndikamunyamula sindimulipiritsa, iye amandiuza zimene waona. Akuti thole loyamba lija analifula, tsopano likukoka ngolo ya thonje. Akuti pambuyo pake ng'ombe yanga inabereka lalikazi, lofiira ngati make. Sabata yatha anandiuza kuti yaberekanso, ndipo mwini khola anakana kuigulitsa ngakhale anamuonjezera mtengo, akuti ndiyo ng'ombe yabwino koposa m'khola lonse, yofatsa, ya mkaka wambiri, sadziwa kuti inatengera ndani.

Thole loyamba ankati ndi la nkhunzi yawo. Ndinavomera nthawi ija chifukwa ndinkafuna kupita kwathu. Tsopano sindikuvomera. Zaka zinayi zinali zitakwana lisanabadwe, ndipo linabadwa m'manja mwanga.

Anandilanda imodzi. Pofika sabata yatha, ng'ombe zanga zimene zili m'khola la munthu uja ndi zinayi.